Tisapeputse vuto lolephera kumeza

Okondedwa a Mkonzi,

Ndiloleni ndichenjeze anzanga kuno ku Nkhotakota. Malume anga, msodzi wa ku Chia, anayamba n'kutsamwa nsima. Ankatsitsira madzi pa mbamu iliyonse, kenako anatsikira pa phala, mapeto ake ngakhale tiyi ankabwerera. Ife tinkati n'chilungulira, ena ankati awalodza. Miyezi inatha lamba akuboolaboola.

Titawatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, madokotala analowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kummero, n'kutapa kanyama kokapima. Inali khansa ya kummero, yomwe ndi yofala kwambiri m'Malawi muno. Anawaika kachubu kotsegula njira ya chakudya, ndipo tsiku limenelo anamwa phala la mgaiwa akugwetsa misozi.

Si nthawi zonse imakhala khansa ayi. Sitiroko imafooketsanso minofu yomezera, ndipo mauka a kummero amachizika ndi mankhwala. Wodwala wotere adye atakhala tsonga, chakudya chofewa, pang'onopang'ono. Akamakhosomola pomwa madzi thamangirani kuchipatala, chifukwa madziwo akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo.

Ndikupempha a zaumoyo kuti makina opimira kummero afikenso kuno kunyanja. Ulendo wa ku Lilongwe ambiri sitiukwanitsa.

Wowerenga wanu,
Nkhotakota