Ng'ala ya okalamba tisaitenge mopepuka

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za ng'ala. Mayi anga anakhala zaka ziwiri akuyenda mopapasa makoma pakhomo pathu ku Kawale. Anasiya kusankha nyemba, kumvano nako anasiya kupita, kenako anayamba kusokoneza mayina a zidzukulu zawo. Ena ankati ndi ukalamba basi, ena anayamba kunong'onezana za ufiti.

Titapita nawo kuchipatala cha maso, opaleshoni yake sinathe ndi ola lomwe. Dokotala amachotsa kagalasi ka m'diso kamene kachita chifunga n'kuikamo kena kochita kupanga. M'mawa mwake atawamasula bandeji, anandiyang'ana nati, "Mwanawe, waonda chonchi bwanji?" Misozi inalengeza m'maso mwanga.

Chandilembetsa kalatayi n'chakuti diso ndi ubongo zimayendera limodzi. Kafukufuku wina wa ku America wa 2021 anapeza kuti mwa okalamba amene anachotsedwa ng'ala, ochepa ndi amene anadzadwala matenda oiwalaiwala poyerekeza ndi amene sanachotsedwe. Kwathu konkuno, ofufuza a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anasonyeza kuti kuunika mkati mwa diso la mwana wokomoka kumathandiza kudziwa ngati vuto ndi malungo a muubongo.

Ndikupempha a Unduna wa Zaumoyo kuti athandize ofufuza athu kutsatira okalamba amene achitidwa opaleshoniyi, tione ngati maganizo awo amakhazikikadi. Komanso madokotala a maso azifika ku Mitundu ndi ku Nathenje, chifukwa agogo ambiri kumeneko alibe wowakweza minibasi kubwera nawo m'tauni.

Wowerenga wanu,
Kawale, Lilongwe