Achimwene, musanagule boa uja funsani kukula kwa mayi wake

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Johannesburg. Kuno ku Leeds tili bwino, kungoti chisanu chayamba.

Nkhani yoti mwana wanu wamkazi akufuna kuweta njoka ya boa ndaimva. Ndikudziwa kuti alamu sakugona nayo tulo, poti kwathu njoka ikangooneka aliyense amathamangira ndodo. Auzeni mtima ukhale m'malo, boa ilibe poizoni. Chimene chandidetsa nkhawa ine ndi chithunzi munanditumizira pa WhatsApp chija. Kanjoka kaja ndi kamwana ka Boa constrictor. Kamabadwa kotalika pafupifupi theka la mita, n'chifukwa chake m'sitolo kamaoneka kofatsa, kokwana m'manja. Koma yaikazi ikakula imafika mamita awiri, zina mpaka atatu, thupi lake kuposa mkono wa bambo wamphamvu. Ndipo imakhala ndi moyo zaka 20 kapena 30. Mwanayo adzapita ku koleji, adzakwatiwa, njoka idzatsala ndi inu m'kanyumba ka lendi. Khola lake liyenera kukhala lalitali moti izitha kudziwongola thupi lonse. Mudzaliika pati?

Ine ndinganene kuti mutenge Kenyan sand boa, imene ndimaweta kuno. Kwawo ndi kum'mawa kwa Africa, ku Kenya, Tanzania mpaka kumtunda ku Egypt. Yaimuna imathera pa masentimita 40 kapena 50, yaikazi imatha kufika 80. Ndi yonenepa, yamawanga achikasu ndi akuda, ndipo siithamanga. Chimodzi mumuuziretu mwanayo: njoka imeneyi imakonda kudzikwirira m'dothi, kungotulutsa mphuno ndi maso. Ngati akufuna yoti aziiona tsiku lonse, adzakhumudwa. Komanso poinyamula ailowetse dzanja pansi, osati kuigwira kuchokera pamwamba, chifukwa ikadzidzimuka imaluma poganiza kuti ndi chakudya.

Ina yabwino ndi rosy boa ya ku California, Arizona ndi kumpoto kwa Mexico. Kawirikawiri siipitirira mita imodzi, ndi yofatsa kwambiri, koma imadana ndi chinyontho. Brazilian rainbow boa ndi yokongola zedi, komabe musiyeni: imafika mita ndi theka kapena kuposa, ndipo imafuna chinyezi chambiri, zovuta kwa woyamba kumene.

Chenjeraninso ndi ogulitsa amene amati boa yawo ndi "dwarf", kutanthauza yosakula kwambiri. Zilipodi za pazilumba, monga za ku Cayos Cochinos ku Honduras, zimene zimachepa, koma nazonso zimadutsa mita, ndipo zambiri zinasakanizidwa ndi zikuluzikulu. Afunseni dzina lenileni la mtundu wake, ngati ndi yaimuna kapena yaikazi, ndipo akuonetseni mayi wake. Wina akakuuzani kuti njoka siikula ikakhala m'khola laling'ono kapena ikamadya pang'ono, tulukani m'sitolomo. Kumeneko n'kuzunza chamoyo.

Kukula kumakhudzanso thumba. Sand boa imadya mbewa zazing'ono zogula zowumitsidwa m'firiji, pamene Boa constrictor yaikulu imafuna makoswe akuluakulu. Mbewa zakutchire musaipatse, zimabwera ndi matenda. Mbali imodzi ya khola izikhala yofunda, pafupifupi madigiri 32, ina yozizirirapo, ndipo chotenthetsera chikhale ndi thermostat, kachipangizo koletsa kutentha kupitirira muyeso, kuti njoka isapse. Poti kwanuko magetsi amatha kuzima ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira, khola laling'ono mukhoza kulifunditsa bulangete ndi botolo la madzi ofunda pambali. La mamita awiri simungathe.

Musanalipire, funsani ku ofesi yoona zachilengedwe ya chigawo chanu cha Gauteng ngati pafunika chilolezo, poti malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo. Mwini nyumba nayenso adziwe.

Mwanayo mumuuze andiimbire Loweruka, ndidzamuonetse yanga pa vidiyo pamene ikudya. Moni kwa alamu.

Ndine mnzanu wa ku Leeds