Usasaine pepala la ngongole

Mwana wanga,

Kuno tili bwino, kupatula mwendo wa mayi ako umene ukumawavutabe kukazizira. Mlongo wako wandiuza zimene wakhala ukundibisira. Akuti mwezi uno ukatha ukusiya ntchito, utenge ngongole, uchite lendi maekala khumi kuno kumudzi, uyambe fodya. Ndi zoona zimenezi? Nanga bwanji nkhani yotere ndikuimvera kwa ena?

Sindikunamiza, nditangomva mtima wanga unayamba wakondwa. Mwana amene ndinkamunyamula paphewa popita kudambo kukathirira nazale akufuna ntchito ya bambo ake! Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene unayamba kusoka fodya m'chigafa, singano ikukubaya, iwe ukulira koma osasiya. Komatu chimwemwecho sichinafike madzulo. Usiku wonse ndinangokhala maso.

Fodya iwe umamudziwa mbali imodzi. Ukukumbukira tsiku limene ndinachokera kumsika wa fodya ku Chinkhoma ndi njinga yatsopano, shuga ndi nsapato zako za kusukulu. Ukukumbukira malata. Za 2011 sukuzidziwa, chifukwa unali ku sekondale ndipo tinakubisira dala. Chaka chimenecho fodya anachuluka m'dziko muno, mitengo n'kugwa. Mabelo anga anabwezedwa katatu. Atagulidwa, anadula za feteleza, za mayendedwe, za ziguduli, ndipo zotsala sizinakwane ngakhale kulipira aganyu. Ng'ombe ziwiri zija sizinafe ndi matenda monga tinakuuzira. Ndinagulitsa kuti ndibweze ngongole, yotsala n'kulipira fizi yako. Mayi ako anatha sabata osandiyankhula.

Khasu sindikuliopa ayi, chimene ndikuopa ndi ngongole. Ndalama ya fodya imachedwa. Ufese nazale mu Seputembala, uwokere mvula ikagwa, uthyole, usoke, uyanike, usankhe, udinde mabelo, ndalama n'kudzaiona mwina mu Meyi kapena Juni. Miyezi yonseyo mkazi wako ndi kamdzukulu kanga azidzadya chiyani? Wokongoza ndalama safunsa ngati mvula yagwa kapena matalala aboola masamba. Ndiye feteleza, chigwereni kwacha mu Novembala 2023, mtengo wa thumba ukuudziwa wekha. Maekala khumi! Ine ndi zaka zanga zonsezi sindinapitirirepo anayi. Mnzako amene akukuwerengera phindu pa foniyo anagonapo m'chigafa kulondera fodya?

Ine fodya sindinamusankhe. Agogo ako anali tenanti pa esiteti, ine ndinabadwira momwemo, sukulu ndinalekezera sitandade 6. Ndikanalowera kuti? Iwe ndinakutumiza kusukulu kuti ukhale ndi chimene ine sindinakhalepo nacho, malipiro obwera mwezi ndi mwezi ngakhale kunja kuchite ng'amba. Ndikudziwa ndi ochepa, ndikudziwa lendi ya m'tauni ikukupweteka. Koma amabwera.

Kulima sindikukuletsa, ndingakuletse bwanji poti unakulira mumzere? Munda wa kuseri kwa chulu uja ndi wako, ekala ndi theka. Chaka chino dzalamo soya kapena mtedza, ndi ndalama ya m'thumba mwako. Ine ndiziyang'anira, iwe uzibwera Loweruka. Uone zaka ziwiri. Ukadzamufunabe fodya, tidzayamba ndi theka la ekala, ndipo kusankha magiredi ndidzakuphunzitsa ndekha maso angawa akadaona. Koma ntchito usasiye, ndipo pepala la ngongolelo usasaine. Wandimva? Ngakhale akuuze kuti malo akutha, usasaine.

Bwera tisanafese nazale, tidzakhale pansi awiri. Ndidzakuonetsa mapepala a 2011 aja, ndinawasunga m'sutikesi. Mayi ako akuti ubwere ndi mwana, mbatata yakumbidwa, ndipo usaiwale mafuta opaka mwendo aja.

Ndine,
Bambo ako