Nyale ya Epictetus

Mwana wanga,

Mayi ako andiuza kuti chithyolereni akuba sitolo yako sukugona, ndipo usiku ukumakhala pakhonde kuwerengera katundu amene anapita. Pafoni mawu amandithawa, n'chifukwa chake ndaganiza zokulembera.

Ukukumbukira Astoiki, akatswiri a nzeru aja amene anatsutsana ndi Paulo ku Athens, pa Machitidwe 17? Dzina lawolo linachokera ku khonde lina la mumzindawo, lotchedwa Stoa, pomwe Zeno ankaphunzitsira anthu zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Amati Zenoyo anali wamalonda ngati iwe, ndipo anayamba kufunafuna nzeruzi ngalawa itamusweka panyanja ndi katundu wake.

Koma amene ndimamuganizira kwambiri ndi Epictetus. Anakulira mu ukapolo ku Rome, mwendo uli wopunduka, kenako atamasulidwa anakatsegula sukulu ku Nicopolis, mzinda wa ku Greece. Usiku wina anamva phokoso pazenera, pothamangira anapeza nyale yake yachitsulo yabedwa. Sanadzigugude pachifuwa. Anati mawa agula yadothi, ndipo anaona kuti wakubayo ndiye wagula nyale pamtengo wowawa, popeza walipira ndi ulemu wake n'kusanduka mbala. Chiphunzitso chake chonse chagona pamenepa: zinthu zina zili m'manja mwathu, zina ayi, ndipo munthu amadzizunza akasakaniza ziwirizi.

Ine ndinazisakaniza. Chaka chomwe anatibera mbuzi zisanu ndi imodzi m'khola, iwe uli Sitandade 4, ndinakayikira mnansi wina popanda umboni. Chaka chathunthu sindinamupatse moni, kutchalitchi ndinkakhala benchi lina, chakudya chinkandikanika kukhosi. Mbuzi sizinabwerere, khola linakhalabe ndi chitseko chomwecho chothyoka, ndipo amene ankapsa ndi mkwiyo wanga anali mayi ako. Mpaka lero chimandipweteka mtima.

Ndiye tenga pepala, ulembe mzere pakati. Mbali imodzi ulembe zimene ungachite sabata ino: kutsatira nkhaniyi kupolisi, kuika maloko ena, kupita wekha kwa amene anakukongoza ndalama n'kuwafotokozera zoona asanamve kwa ena. Mbali inayo ulembe ngati katunduyo adzapezeke, ndi zimene anthu akunena pamsika. Mbali yachiwiriyi uyiyang'ane kamodzi, n'kuipinda.

Usaganize kuti ndikukuuza kuti uume mtima ngati mwala. Mstoiki wina, Marcus Aurelius, amene analamulira Rome kuyambira mu 161 mpaka 180, anaika m'manda ana ake angapo, ndipo zimene ankadzilembera ali kunkhondo zikuonetsa munthu wotopa amene akudzilimbitsa tsiku ndi tsiku. M'mamawa ankadzikumbutsa kuti akumana ndi anthu osayamika ndi achinyengo, koma kuti nawonso ndi abale ake. Lira ngati misozi yabwera. Chokhacho, mkazi wako ndi ana sanakubere kanthu, usawalipiritse.

Seneca, Mstoiki winanso wa ku Rome, anali ndi chizolowezi chomwe nanenso ndinatengera. Nyale ikazima, ankabwereza m'mutu zonse zimene wachita ndi kunena tsikulo, osadzibisira kanthu. Yesa zimenezi m'malo mowerengera matumba a shuga amene anapita.

Loweruka ndikubwera ndi basi ya m'mawa. Ndabwereka hamala ndi misomali kwa amalume ako, chitsekocho tikakonzere limodzi.

Ndine bambo ako.