Za mtima wa amayi ndi majini aja

Mnzanga wokondedwa,

Uthenga wako uja wofunsa za kuchiza mtima wa amayi ndi majini ndinaulandira, koma ana a sukulu ndi kutentha zinandichedwetsa kuyankha. Kuno ku Ngabu dzuwa likuswa mtengo, usiku tikugona pakhonde.

Amayi aliko bwinoko. Miyendo yaphwa pang'ono, ngakhale ukadina chala pamwamba pa phazi kadzenje kamatsalabe. Amagona atatsamira mapilo atatu, chifukwa akangogona chagada amabanika.

Nditawauza kuti iwe wamva zoti kunjako akuchiza mtima ndi majini, anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako akuti, "Ine ndine wa Mvano, za majini ayi." Ndinaseka mpaka misozi. Ndinavutika kuwafotokozera kuti awa si majini a kwa sing'anga, koma timalangizo ta m'maselo tomwe mwana amatengera kwa makolo.

Nkhaniyo ndaiwerenga ndithu, paja biology ndiyo imandidyetsa. Kuti mtima ufinye magazi n'kumasukanso, umadalira calcium. Pali puloteni yotchedwa SERCA2a imene imabwezera calcium mosungira mwake mtima ukangogunda, ndipo mumtima wofooka puloteniyi imachepa. Ndiye asayansi anati tiyeni tiuwonjezere jini yake. Amatenga kachilombo kosadwalitsa kotchedwa AAV, n'kukasenzetsa jiniyo, n'kukalowetsa ndi kapaipi m'mitsempha yodyetsa mtima. Nzeru yake ndi yokoma, sindikana.

Poyesa koyamba, pa anthu 39 okha mu kafukufuku wa CUPID, zinaoneka ngati zatheka. Atayesanso pa anthu 250, zotsatira za mu 2015 zinasonyeza kuti olandira mankhwalawo sanasiyane ndi amene sanalandire. Zikuoneka kuti jini imene inafikadi m'maselo a mtima inali yochepa kwambiri. Komanso anthu ambiri thupi lawo limakadziwa kale kachilomboka, moti limakapha kasanatule katundu, ndipo otere sankaloledwa n'komwe kulowa m'kafukufukuyo. Akuyesabe njira zina, makamaka pa matenda a mtima obadwa nawo oyamba chifukwa cha jini imodzi yolakwika. Mtima wa amayi si wotero. Wawo unatopetsedwa ndi BP ya zaka zambiri yomwe sitinkaiyeza.

Mtengo ndiye usanene. Zolgensma, mankhwala a mtundu womwewu koma a nthenda ya minofu ya ana, anatuluka mu 2019 pa madola 2.1 miliyoni jakisoni mmodzi. Ng'ombe za khola lathu, ngakhale titaphatikiza za a malume, sizingafike pena paliponse.

Choncho ndalama ukuti ukusunga zija usazimangire zimenezi. Ngati ukufunadi kuthandiza, tigulire kamakina koyezera BP, ka mabatire, poti magetsi ukuwadziwa. Zotsalazo zigule mankhwala a amayi aja, furosemide ndi enalapril, chifukwa mwezi watha tinapalasa njinga ulendo wonse wa kuchipatala n'kukauzidwa pawindo kuti atha, tikagule.

Nkhondo yeniyeni ili pa mchere. Adokotala anati achepetse, koma madzi a pamjigo pathu ndi amchere kale, ndipo dzulo ndinawapeza kuseri kwa khitchini akunyema mlamba wouma, kambale ka mchere kali pambali. Atandiona anabisa kambaleko m'chitenje ngati mwana. Iwe amakumvera kuposa ine, uwaimbire Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Koma mawu oti majini usawatchule.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa pa Ngabu.