Lipoti la msonkhano wokonzekera anamondwe: kwa komiti ya padooko lathu ku Nyanja ya Chilwa

A Wapampando, mafumu athu, mamembala a komiti ya padooko ndi nonse amene munandituma, ndabwerako ku msonkhano umene unachitikira ku Zomba, wokambirana momwe mabanja okhala m'mphepete mwa nyanja angadzitetezere nyengo ya anamondwe ikafika. Kunali nthumwi za madooko ena, a makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'midzi, alangizi a zausodzi komanso akatswiri a zanyengo.

Akatswiriwo anafotokoza kuti namondwe amabadwira pa nyanja yamchere ya India madzi akatentha kufika madigiri 26 kapena kuposerapo, ndipo nyengo yake ndi kuyambira Novembala mpaka Epulo. Anzathu a ku Beira m'dziko la Mozambique, kumene namondwe wa Idai anafikira pa 14 Marichi 2019, anaonongedwa ndi mphepo yosasula madenga pamodzi ndi mafunde olowa m'tauni. Kwathu kuno mphepoyo imafika itafooka, koma imasenza mvula yosaleka kwa masiku angapo. Umu ndi momwe zinalili ndi Freddy, amene anakhala masiku 36 asanathe mphamvu: anatera pafupi ndi mzinda wa Quelimane ku Mozambique komweko pa 11 Marichi 2023, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, pomwe oposa 600,000 anasiya nyumba zawo.

Mfundo imene ndikupempha kuti tiigwiritsitse ndi yakuti Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Mvula yogwa m'mapiri a Mulanje ndi Zomba imatsika ndi Phalombe, Sombani, Likangala, Thondwe ndi Domasi n'kudzathera mwa ife momwemuno, choncho madzi amapitiriza kukwera ngakhale kumwamba kutayera. Banja limene labwerera m'nyumba chifukwa dzuwa lawala likhoza kudzuka usiku mphasa ikuyandama, makoma a zidina atanyowa kunsi ndipo atayamba kale kutsamira.

Nthawi yambiri inathera pa nkhani ya chenjezo. Uthenga wa a zanyengo umaulutsidwa pa wailesi ndi pa mafoni namondwe asanafike, koma ine ndinafunsa za abale athu amene amakhala m'zimbowera, timisasa tomangidwa pa udzu woyandama, mkati mwa nyanja kwa masabata, akuwedza matemba ndi milamba, foni ilibe moto ndipo netiweki sikufika. Kumtunda tikhoza kumva tonse, iwo osadziwa kanthu mpaka mafunde atayamba kuphwasula pogona pawo. Nthumwi zinagwirizana kuti dooko lililonse likhale ndi kaundula wa amene alowa m'nyanja ndi dera limene akugona, ndiponso kuti pakhale boti la injini lodziwikiratu, ndi mafuta osungidwa padera, loti lidzapite kukawauza chenjezo likangotuluka, nyanja isanawinduke. Mafutawo satsika kumwamba ayi, tiyenera kusonkha tokha nsomba zikadali kugwidwa.

Ena pamsonkhanopo ananena kuti anthu a kunyanja ndi osamva, amakana kusamuka. Apa ndinatsutsa, ndipo ndikhulupirira kuti ndinalankhula maganizo anu. Munthu amene chuma chake chonse ndi ukonde, bwato, mbuzi ndi matumba a mpunga sangathamangire kusukulu n'kusiya zonsezo poyera, podziwa kuti akuba nawonso amadikira tsiku lomwelo. Ngati tikufuna kuti mabanja azichoka msanga, tipezeretu malo okwera osungirako katundu ndi ziweto, tisankhenso anyamata odalirika oti azilondera mosinthana. Okalamba, amayi oyembekezera, ana ndi anzathu aulumali ndiwo ayambe kunyamuka, ndipo ulendowo uchitike masana, chifukwa kuoloka mtsinje wodzaza mumdima n'kumene kumatengetsa anthu ambiri.

Pakhomo palinso zofunika kukonzeratu. Chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala ndi mankhwala omwa tsiku ndi tsiku monga ma ARV zimangidwe m'pepala la pulasitiki, pamodzi ndi tochi, machesi ndi ufa wa masiku angapo. A zaumoyo anatikumbutsa kuti Freddy anatipeza tili kale pa mliri wa kolera, ndipo madzi akasefukira zimbudzi zimagumukira m'zitsime, motero klorini wothira m'madzi akumwa asasowe m'thumba lomwelo.

Ndikupempha kuti pamsonkhano wathu ukubwerawu tisankhe wosunga kaundula, tigwirizane mtengo wa chopereka cha mafuta pa bwato lililonse, ndipo a Gulupu atithandize kukambirana ndi a komiti ya sukulu za zipinda zimene tingadzagwiritse ntchito, Novembala asanakwane.