Zipatala za mishoni ziziyeza kaye zomwe zikupulumutsa anthu

A Mkonzi,

Kumidzi kwambiri kuno chipatala chapafupi ndi cha mishoni, cha pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndiye m'mene zimayendetsedwera ndi nkhani ya tonsefe. Chikundipweteka nchoti ma bodi ena akakhala pansi amangoona zinthu ziwiri, odwala abwera angati, ndalama zalowa zingati, basi. Ma dona nawo aliyense ndi fomu yake, nesi ali pa tebulo kudzaza ma lipoti koma pa benchi panja mzere wafika pakhomo.

Sindikukana, ndalama nzofunika, dizilo wa ambulansi ndi jenereta amafuna ndalama. Koma chipatala chosafuna phindu sichingayeze zonse mofanana, chisankhe zoyamba. Kwa ine choyamba ndi masiku amene mankhwala anatha, makamaka oxytocin ndi magnesium sulphate ku mateniti, chifukwa mayi akayamba kutaya magazi atabereka kapena BP yakwera mpaka kukomoka sangadikire oda ya mawa, ndipo achibale sangathamangire ku famase usiku umenewo. Chachiwiri, adokotala akanena kuti wodwala apite ku fiyeta, pamatenga nthawi yaitali bwanji kuti opaleshoni iyambe? Inu oyendetsa zipatalazi, lembani zimenezo mwezi uliwonse.

Muwerengenso manesi amene achoka pa chaka, komanso ngati ndalama za ma SLA, zija boma limalipirira amayi oyembekezera ndi ana kuti athandizidwe ulere, zikufika nthawi yake.

Manambala amenewa azimatidwa pa notisi bodi mu Chichewa, mafumu ndi komiti ya chipatala aziwaona nkumafunsa.

Wokhudzidwa,
Dedza